KUKWERA KWA MAU SI KUKOMA KWA NYIMBO

Nyengo ya malonda a mbeu ikafika, sitolo zogulitsa mawailesi ndi masipika sizisowa anthu. Mlimi amene wagulitsa cimanga, soya kapena thonje afuna cilimba ca pakhomo. Komiti ya kwaya imene yakhala ikusonkha ndalama miyezi yambiri ifuna kiyibodi, ampulifaya ndi masipika. Wogulitsa amadziwa cocita. Amaika nyimbo ya mabesi amphamvu, napotokola kabatani mpaka magalasi a sitolo ayamba kunjenjemera. Ogula amayang'anana, nagwedeza mitu, ndalama n'kutuluka m'thumba. Pakapita milungu iwiri, m'chalichi anthu a kumbuyo sakumva zimene kwaya ikuimba, a kutsogolo akutseka makutu, ndipo sipika imodzi yayamba kale kulira ngati cidebe cobooka.

Kumaiko a kutali kuli anthu amene cidwi cao conse ciri pa funso limodzi: kodi n'ciani cimacititsa kuti nyimbo imveke bwino? Azungu amawacha ma audiophile. Ena mwa iwo amaononga cuma cosaneneka. M'caka ca 2016 nyuzipepala ya Wall Street Journal inalemba za anthu ena a ku Japan amene anafika poimika mtengo wao-wao wa magetsi pakhomo, ati magetsi ogawana ndi anansi amadetsa nyimbo. Tingawaseke, koma pa mikangano yao ndi kuyesa-yesa kwao patuluka nzeru zimene zingapulumutse ndalama za parishi ndi makutu a ana athu. Nzeru zimenezi zimaoneka bwino kwambiri pa nyimbo za magetsi, zimene masiku ano ziri pali ponse, kuyambira pa ukwati mpaka pa Misa.

Ng'oma yopanda cikopa

Ng'oma iri ndi cikopa, kalimba ali ndi tizitsulo, banjo iri ndi nsambo, munthu ali ndi mmero. Zonsezi zimagwedeza mpweya zokha, ndipo magetsi akazima ng'oma imalirabe. Nyimbo za magetsi n'zosiyana. Mau ake amabadwira m'mawaya kapena m'kompyuta, ndipo palibe amene angawamve kufikira atafika pa sipika. Motero sipika ndiyo cikopa ca ng'oma imeneyi. Sipika ikakhala yoipa, coimbira cense ndi coipa, ngakhale woimbayo akhale katswiri.

Makina otere anayamba kudziwika m'caka ca 1964 pamene Robert Moog wa ku America anaonetsa cipangizo cake cochedwa synthesizer. Mu 1968 Wendy Carlos anaimba nyimbo zakale za Bach pa makina a Moog, ndipo cimbaleco cinagulidwa kwambiri. Ku Germany gulu la Kraftwerk la mu mzinda wa Düsseldorf linachuka mu 1974 ndi nyimbo zimene mbali yaikulu inali ya makina. Kuno ku Africa, Francis Bebey wa ku Cameroon ndi William Onyeabor wa ku Nigeria anali kale kujambula nyimbo ndi makina otere m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Kiyibodi ya Yamaha kapena Casio imene mnyamata wa kwaya amaliza Lamulungu, ija imatulutsa ng'oma, malipenga ndi mabesi munthu atangodina batani limodzi, ndi mdzukulu wa makina amenewa.

Nkhani ya kabokosi kena ka ku Japan ndi yophunzitsa. Mu 1980 kampani ya Roland inatulutsa makina oliza ng'oma ochedwa TR-808. Oimba ambiri anawakana, ati ng'oma zake sizimveka ngati ng'oma zeni-zeni. Kampaniyo inaleka kuwapanga mu 1983 itapanga pafupi-fupi 12,000 cabe. Acinyamata osauka a m'mizinda ya ku America anayamba kuwagula mochipa kwa amene anatopa nao, nakonda kugunda kwake kotsika kumene kumamveka m'cifuwa. Lero kugunda kumeneko kuli m'nyimbo zosawerengeka pa dziko lonse. Amapiano, nyimbo zimene zinabadwira m'makomboni a ku Johannesburg ndi Pretoria m'zaka za m'ma 2010 ndipo zafala kwathu kuno, nazonso zimadalira besi yopangidwa m'kompyuta imene eni ake amaicha log drum.

Apa ndipo ma audiophile amatsutsana. Akale amati sipika yabwino ndi imene imatulutsa mau a limba kapena a munthu monga momwe analili m'cipinda cojambuliramo. Nanga mau amene sanakhalepo mu mpweya mungawayerekeze ndi ciani? Pa cifukwa cimeneci ena amati nyimbo za magetsi siziyenera kuyesera makina. Anzao amayankha kuti ndizo mayeso obvuta koposa, popeza makina amatsika pansi ndi kukwera pamwamba kuposa coimbira ciri conse ca manja, ndipo sipika yacinyengo imagwidwa msanga.

Cifukwa cake foni imameza mabesi

Mau ndi kugwedezeka kwa mpweya. Khutu la mwana wa thanzi limamva kuyambira kugwedezeka ka 20 pa sekondi, kumene ndi mau otsika ngati bingu lakutali, mpaka ka 20,000 pa sekondi, kumene ndi mau osongoka kuposa a nyenje. Munthu akamakula, mau osongokawa amayamba kumusowa pang'ono-pang'ono. Mabesi a nyimbo za magetsi amakhala pansi pa 100, ndipo ena amatsika kufika pa 50 kapena 40.

Funde limodzi la mau ogwedezeka ka 50 pa sekondi ndi lalitali pafupi-fupi mamita 7. Kuti sipika itulutse mau otere iyenera kukankha mpweya wambiri, monga momwe ng'oma yaikulu yokha ndiyo imagunda motsika. Kasipika ka m'foni n'kakang'ono ngati cikhadabo, ndipo sikangathe nchito imeneyi. Cimene mumamva pa foni ndi cithunzi-thunzi cabe ca besi, timau tapamwamba timene timatsagana nayo, ndipo ubongo umadzaza pamene paperewera. Kuika foni m'kapu kapena m'poto kumakweza mau, koma sikubweza zimene kasipikako kalephera kutulutsa.

Malo nao ali ndi mbali yao. Sipika yoikidwa pa ngodya ya cipinda imaonjezera mabesi, nthawi zina mpaka nyimbo yonse isanduka mkokomo. Cipupa ca njerwa, pansi pa simenti ndi denga la malata zimabweza mau, ndipo mau obwererawo amaombana ndi atsopano. Nsalu, mphasa, denga la udzu ndi matupi a anthu zimamwa mau. Ndiye cifukwa cake makina omwewo amamveka mosiyana m'chalichi copanda anthu Loweruka ndi m'chalichi codzaza Lamulungu. Ma audiophile ozindikira amanena kuti kusuntha sipika ndi kukonza cipinda kumasintha kamvekedwe kuposa kugula mawaya odula.

Kupeta nyimbo

Mu 1982 makampani a Sony ndi Philips anatulutsa CD. Pa CD mau amapimidwa ka 44,100 pa sekondi iri yonse, ndipo mphindi imodzi ya nyimbo imadya malo okwana mamegabaiti pafupi-fupi 10. Malo amenewa anali oculuka kwambiri pa makompyuta a nthawi imeneyo. Akatswiri a bungwe la Fraunhofer ku Erlangen m'dziko la Germany, mmodzi wa iwo Karlheinz Brandenburg, anapeza njira yocepetsera nyimbo, imene mu 1995 inapatsidwa dzina loti MP3.

Nzeru yao inali yakuti khutu silimva zonse nthawi imodzi. Kulira kwa kamwana ka nkhuku pafupi ndi cigayo sikumveka, ngakhale kamwanako kakulira ndithu. MP3 imataya mau onse amene ikuganiza kuti aphimbika ndi anzao. Pa muyeso wa 128, umene unafala kwambiri, pa magawo 11 a nyimbo pamatsala gawo limodzi, ndipo mphindi imodzi imakwana mu megabaiti imodzi. Ziri ngati mai wopeta ndi licero. Akapeta bwino, gaga yekha ndiye amacoka. Akapetetsa, ndi mphale yomwe imagwera pansi. Cocititsa cidwi n'cakuti cimene cinasautsa kwambiri Brandenburg sicinali ng'oma kapena makina ai, koma mau a munthu. Nyimbo ina ya Suzanne Vega yoimbidwa ndi pakamwa pokha inali kutuluka yokhakhala, ndipo anaibwereza kambiri-mbiri pokonza njira yakeyo. A kwaya adziwe zimenezi: mau a anthu sacedwa kuulula kupeta koipa.

Nyimbo yopetedwa pa muyeso wa 256 kapena 320 anthu ambiri sangaisiyanitse ndi CD. Koma ya pa 64 kapena 96 imadziwika: zisekese ndi mau onse osongoka zimamveka ngati ziri m'madzi. Apa pali cinthu cimene ambiri amasokoneza. Masiku a makaseti, kujambula kaseti kucokera ku kaseti inzake kunali kuononga mau nthawi iri yonse. Kukopera nyimbo kucoka pa memory card kupita pa ina sikuononga kanthu, ngakhale mukopere ka 100. Cimene cimaononga ndi kuipetanso: kuicotsa pa vidiyo, kuisintha mtundu, kuijambula ndi foni pamene ikulira pa sipika, kapena kuitumiza ngati uthenga wa mau pa WhatsApp. Nayo Bluetooth imapetanso nyimbo isanaitumize ku sipika. Cimene catayika sicibwerera.

Kwaya imene yalipira situdiyo ipemphe nyimbo zake zosapeta, za mtundu wa WAV, ndipo izisunge malo awiri osiyana. Imeneyo ndiyo mbeu. MP3 ndi ufa wa lero cabe.

Akulu-akulu amene akumbukira zimbale zakuda za galamafoni, monga zija kampani ya Teal inali kupanga ku Ndola, angadabwe kumva kuti zinabweranso. Mu 2022 ku America zimbale zotere zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba cicokere 1987. Ma audiophile ambiri amazikonda, ati mau ake ndi ofunda. Komabe pa mabesi otsika kwambiri cimbale cimalephera, pakuti singano ingadumphe m'kanjira kake, ndipo opanga zimbale amayamba awaweta mabesiwo.

Nkhondo ya kukweza

Kuonongeka kwina kumacitika nyimbo isanatuluke n'komwe mu situdiyo. Makina ojambulira ali ndi denga limene mau sangapyole. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990 makampani anayamba kupikisana kuti nyimbo yao imveke mokweza kuposa ya anzao pa wailesi. Popeza denga silisuntha, njira yokha inali kuphwanya nsonga za mau okwera ndi kukweza mau otsika, monga munthu wotsendera thonje m'thumba. Nyimbo yotsenderedwa imamveka yamphamvu pa masekondi oyamba, koma iribe popumira. Ng'oma sidumphanso, pofatsa ndi pokwera pamafanana, ndipo khutu limatopa msanga.

Mu 2008 gulu la ku America la Metallica linatulutsa cimbale cochedwa Death Magnetic, cotsenderedwa kwambiri mwakuti okonda gululo anadandaula poyera. Anapeza kuti nyimbo zomwezo zinali kumveka bwino m'masewera a pa kanema a Guitar Hero, m'mene zinalowa zisanatsenderedwe motero. Masiku ano YouTube ndi Spotify zimatsitsa zokha nyimbo zokwera mopyola kuti zilingane ndi zinzake. Amene anatsendera nyimbo yake amatsala ndi kuphwanyika kokha, kukwera kuja atamulanda. Mukapita ku situdiyo, musamuuze mnyamata wa pa kompyuta kuti "ikweze ipose ya parishi ya uko". Muuzeni kuti mau a nyimbo amveke limodzi-limodzi.

Nanga n'cifukwa ciani cokwera cimatinyenga? Mu 1933 akatswiri awiri a ku America, Harvey Fletcher ndi Wilden Munson, anaonetsa kuti khutu silimva bwino mabesi pamene nyimbo iri pansi. Mukakweza, mabesi ndi mau osongoka zimaonekera, ndipo nyimbo imakhala ngati yanona. Conco pa masipika awiri ofanana, imene yakwezedwa pang'ono cabe imapambana nthawi zonse. Wogulitsa wocenjera amadziwa zimenezi ngakhale sanamvepo za Fletcher.

Kuyesa ndi maso otseka

Maso naonso amanyenga. Munthu akaona bokosi lonyezimira ndi mtengo waukulu, khutu limayamba kubvomereza. Pofuna kupewa zimenezi, ofufuza amayesa makina womvera asakuona cimene cikulira, ndiponso mau atalinganizidwa kukwera kwake. Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran a ku Boston anafalitsa zotsatira za mayeso otere. Anafuna kuona ngati anthu angasiyanitse zimbale zapamwamba zodula ndi nyimbo zomwezo zitatsitsidwa pa muyeso wa CD wamba. Pa mayeso 554, omvera analondola ka 276, ndiko kuti theka, cimodzi-modzi ndi kungolota. Akatswiri ena anatsutsa m'mene mayesowo anayendera, ndipo mkangano ukalipo. Koma phunziro lake kwa ife n'lomveka: kusiyana kumene anthu amalipirira ndalama zambiri kawiri-kawiri n'kocepa kwambiri, pamene kusiyana kwa sipika yabwino ndi yoipa, kapena cipinda cabwino ndi coipa, aliyense amakumva.

Munthu amene anaonetsa zimenezi pa nyimbo zobvina ndi David Mancuso wa ku New York, amene anamwalira mu 2016. Kuyambira mu 1970 iye anali kuitana anthu kudzabvina kunyumba kwake, malo amene anachuka ndi dzina loti The Loft. Anasankha masipika akulu-akulu a Klipschorn, nawaika mosamala, ndipo sanali kulola kukweza mopyola muyeso. Anthu anali kubvina usiku wonse osatopa makutu. Ambiri mwa amene pambuyo pake anayambitsa malo obvinira nyimbo za magetsi anaphunzira kwa iye.

Makutu alibe sitolo

Nkhani iyi si ya kukoma kokha. M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ngati ubweya timene timalandira mau. Phokoso lalikulu limatipha, ndipo tikafa sitimeranso. Kukwera kwa mau kumapimidwa ndi madesibelo. Bungwe la World Health Organization, loona za umoyo pa dziko lonse, likuti munthu wamkulu angamvere mau a madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda ngozi, koma pa madesibelo 90 nthawiyo imatsika kufika pa maola 4 cabe pa mlungu. Mu 2015 bungweli linacenjeza kuti acinyamata oposa 1 biliyoni ali pa ngozi yoononga makutu cifukwa ca kamvedwe ka nyimbo.

Cizindikiro n'capafupi. Ngati muyenera kufuula kuti munthu amene ali pa mtunda wa mkono umodzi akumveni, phokosolo lapyola. Ngati pocoka pa ukwati kapena pa msonkhano m'makutu mukulira, kapena mau a anthu akumveka ngati ali kutali, makutu apweteka kale. Ganizirani amai obereka makanda amene amakhala pafupi ndi sipika maola atatu, ndi ana a Sande sukulu amene timawakhazika kutsogolo kweni-kweni. Amene amagwira nchito pa cigayo tsiku lonse, madzulo n'kubvala tomvera m'makutu tokweza, akuonjeza katundu pa katundu, pakuti khutu limawerengera phokoso lonse pamodzi.

Pogula ndi poika makina

Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa mabokosi ambiri a masipika pamalembedwa manambala oopsa, monga mawati 5,000, ndi zilembo zoti PMPO pambali. Nambala imeneyo iribe muyeso wogwirizana ndipo ndi yokopera ogula. Funsani mawati a RMS, amene amanena mphamvu imene makina angapereke mosalekeza. Dziwaninso kuti kuwirikiza mawati kawiri kumangoonjeza madesibelo 3. Kuti mau amveke okwera kawiri pamafunika mphamvu yowirikiza ka 10. Masipika awiri kapena anai oikidwa bwino m'mbali mwa chalichi amathandiza kuposa cimphona cimodzi cokuwa kutsogolo.

Popita ku sitolo tengani nyimbo yanu imene mumaidziwa bwino, maka-maka ya kwaya, ndipo tengani anthu awiri kapena atatu, wacikulire ndi wacinyamata. Muuzeni wogulitsa atsitse. Sipika yabwino imamveka bwino ngakhale pansi. Yesaninso maikolofoni, wina awerenge ndime imodzi, inu mutapotoloka. Poyerekeza masipika awiri, onetsetsani kuti akulira mofanana kukwera kwake. Ngati n'kotheka, panganani kuti mukayesere m'chalichi mwanu musanamalize kulipira.

Poika, masipika akhale pamwamba pa mitu ya anthu, ataloza kwa omvera, ndipo akhale kutsogolo kwa maikolofoni. Kulira kosongoka kuja kumene kumadzidzimutsa mpingo kumabwera pamene maikolofoni yamva sipika yake yomwe. Kagetsi kofiira kakamayaka pa ampulifaya kapena pa mikisa, ndiye kuti makina afika pa denga ndipo akudula nsonga za mau. Mau odulidwawo ndi amene amaocha tisipika tating'ono ta mau osongoka. Mankhwala ake ndi kutsitsa, osati kugula ina. Poyatsa, ampulifaya ikhale yomalizira, ndipo pozima ikhale yoyamba. Ngati mugwiritsa nchito jenereta, iyambe yakhazikika musanalumikize makina.

Kwa mnyamata wa pa kiyibodi, mau ndi awa: makina ako ali ndi mphamvu yoposa kwaya yonse, ndipo luso lako lidzaoneka pa kuibweza mphamvuyo. Ng'oma ndi mabesi a m'kiyibodi zikhale pansi pa mau a anthu. Akale anati ng'oma yolira kwambiri siicedwa kung'ambika, ndipo mwambiwu ukugwira pa sipika ndi pa khutu lomwe.

Muyeso wotsiriza sufuna ndalama. Lamulungu likudzali, mmodzi wa a komiti akakhale pa benchi ya kumbuyo pamodzi ndi agogo. Ikatha nyimbo yatsopano imene mpingo sunaidziwe, awafunse agogowo kuti kwaya inali kunena ciani. Akatha kubwereza mau ake, makina anu ali bwino, ngakhale akhale ochipa. Akalephera, yambani mwatsitsa.